Makoswe Osaopa Paipi

Chifunga chinali chisanachoke m'dambo la Mphamba pamene Inspekitala Ezron Mtonga anafika pa kanyumba ka kafukufuku. Dokotala Cathrine Zgambo anali gone pansi, atauma kale, kapu ya madzi obiriwira itagubuduka pambali pake. M'makeji makoswe oyera ankangoyang'ana ndi timaso tofiira, ali zii.

Anyamata a Mtonga, amene miyendo yawo imatsogola nzeru zikubwera m'mbuyo, anali atatsekera kale Jemima, mayi wa pamsika wa Lundazi amene ankabweretsa luni. Ati anasakanizamo masamba akupha. Mtonga anamupeza m'selo akufunsa ngati wina wawaza madzi pa ndiwo zake, ndipo chisoni chinamugwira.

Masana opima mtembo anati m'mimba munalibe poizoni. Chinamupha ndi bala la kunkhongo. Koma amene anaonedwa komaliza akutuluka m'kanyumbako anali Jemima, choncho mlandu unamukakamirabe.

Mtonga anabwerera ku kanyumba kaja kukacheza ndi Anderson Chirwa, wophunzira wa malemuyo.

"Mwatandala uli, adada?" Anderson anapereka moni m'Chitumbuka.

"Makora. Nifotokozeleni nchito yanu monga ndine mwana."

"Tsiku lililonse timaika khoswe mu paipi iyi, mothina, asatembenuke. Nkhawa ikakhalitsa, thupi limachita dzimbili mkati monga khasu losiyidwa pa mvula. Makoswe a m'keji ya kumanzele timawamwetsa madzi a luni, a kumanja madzi chabe. Pothela tipima magazi, tione ngati luni iteteza."

"Onse amalowa mu paipi?"

"Onse, bwana. Nimawaika nekha."

Dzuwa linkalowera pazenera, fumbi likuyandama mwaulesi, fungo la masamba ouma lili ponseponse. Mtonga anangoima, maganizo ali kutali ku minda ya ubwana wake, kumene ankatchera mbewa chimanga chikakololedwa. Imene inapulumukapo pamsampha inkaulambalala mpaka kalekale.

Anatola paipi ija n'kuigoneka m'keji ya kumanja. Makoswe anaunjikana pakona, akunjenjemera. Anaisamutsira kumanzere. Khoswe wina anabwera mosatekeseka, n'kununkhiza, n'kulowa, n'kutulukira mbali inayo, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kusukusula.

"Uyu paipi saidziwa," anatero Mtonga. "Mwina ni luni yamupatsa mtima. Tipime onse, tione amene ali na zipsela za paipi m'mapewa?"

Anderson anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene akudzuka kutulo.

"Magazi oyamba sanaonetse kusiyana," anatero chapansipansi. "Atate anafa na BP, bwana. Pamanda ninalonjeza amama kuti mankhwala nizawapeza m'munda mwawo momwe. Ninaleka kuika a luni mu paipi kuti magazi awo aoneke bwino. Dzulo Jemima atachoka, adokotala anachita zimene mwachitazi. Anati tiyambilenso, koma ine nichoke. Ninawakankha kuti niwalande paipi. Anagunda mutu pa tebulo."

"Ndiye kapu ija?"

"Ninaika ndine, kuti zioneke monga ni poizoni."

Mtonga anamuveka unyolo modekha, ngakhale anali atakwiya chifukwa cha Jemima.

"Koma luni igwila nchito, bwana. Nidziwa."

"Mwina," anatero Mtonga, akutseka keji. "Amene akanatiuza zoona mwamupha."