Kodi Dishi Iloze Kuti?

Mwana wanga ndi Sarnai. Lero Sarnai akufuna chinthu chimodzi basi. Akufuna kuona bambo ake pa kanema.

Bambo ake ali kutauni. Apita ku Naadam, ku mpikisano wogwetsana. Kumeneko ukagwa kamodzi, watuluka. Akagwa tisanawaone, basi, mpaka chaka chamawa.

Koma ife tinasamuka dzulo. Tinatsata msipu wa nkhosa. Hema lathu tamanga m'chigwa china. Dishi ya kanema ili gone pa udzu.

Achimwene anga a Jargal afika pa njinga yamoto.

"Ndiimika dishiyi," akutero. "Koma undipatse mwendo wa nkhosa."

"Mwendo? Wa nkhosa yanga? Tiyi wamkaka basi."

"Uwonjezereko tchizi chouma."

"Chithunzi chibwere kaye," ndikutero ine.

A Jargal aimika dishi pafupi ndi khomo.

"Ntchito yamasewera iyi," akutero. "Khomo la hema limayang'ana kummwera. Dishi nayonso imayang'ana kummwera. Kumene kwaloza khomo, dishi iloze komweko."

Sarnai wakhala m'hema. Maso ali pa kanema.

"Chabwera?" akufunsa a Jargal ali panja.

"Sichinabwere, malume!"

Akweza dishi pang'ono.

"Chabwera?"

"Sichinabwere!"

Atsitsa dishi pang'ono.

"Nanga pano?"

"Kuli bii, malume!"

Dzuwa lakwera. Ndayang'ana nthawi pa foni. Masana akwana. Kutauni ayamba kugwetsana.

"Achimwene, fulumirani!" ndikukuwa. "Manja amenewo ndi omwera tiyi basi?"

"Iwe, usandisokoneze! Dishi yako ndi yakufa."

"Inali yamoyo dzana!"

Sarnai akungoyang'ana kanema. Misozi ili lengelenge. Waweramitsa mutu.

Kenako wadzuka msanga.

"Amayi, taonani dzuwa!"

"Dzuwa latani? Yang'ana kanemayo."

"Ayi, amayi. Taonani pamene lagwera."

Dzuwa limalowa pa bowo la padenga. Masana aliwonse limagwera pa bokosi lofiira. Bokosilo limakhala moyang'anizana ndi khomo. Koma lero dzuwa silili pa bokosi. Lili pa bedi langa.

"Khomo lathu lakhota," akutero Sarnai. "Silikuyang'ana kummwera."

A Jargal asuzumira pakhomo. "Walikhotetsa ndani?"

"Ndine. M'chigwa muno mphepo ndi yambiri. Mumafuna izindizimira moto?"

"Bwanji sunanene?"

"Munandifunsa?"

"Musakangane!" akulira Sarnai. "Abambo agwa tisanawaone!"

Sarnai wathamangira panja. Wayang'ana kumene kuli dzuwa, poti kuno masana limakhala kummwera. Waloza ndi chala.

"Uko, malume! Kumene tamangirira akavalo!"

Wathamangiranso m'hema. A Jargal akutembenuza dishi. Akutembenuza pang'ono pang'ono.

"Chabwera?"

"Ayi. Pitirizani."

"Chabwera?"

"Dikirani! Chinaoneka! Chathawanso! Bwererani pang'ono!"

Mkaka ukusefukira pamoto. Usefukire.

"Pamenepo! Imani pamenepo!"

Chithunzi chabwera. Anthu adzaza bwalo. Amuna awiriawiri agwirana.

"Ndimange dishiyi tsopano," akutero a Jargal.

"Ayi!" tikukuwa tonse awiri. "Musasunthe! Igwireni choncho!"

Sarnai wayandikira kanema. Akufunafuna. Uyu si bambo ake. Uyunso si bambo ake. Mwina agwa kale?

"Awo! Amayi, awo abambo!"

Ndi iwodi. Agwirana ndi chimunthu chachikulu. Chimunthucho chikuwakankha. Bondo lawo likupindika. Latsala pang'ono kukhudza pansi. Likakhudza, atuluka.

"Limbani, abambo! Limbani!"

Mphepo yawomba. Chithunzi chanjenjemera.

"Achimwene, gwirani zolimba!"

"Ndagwira! Manja akuwawa! Kukuchitika chiyani?"

Bambo a Sarnai aweramuka. Akola mwendo wa chimunthu chija. Khu! Chagwa chagada!

Bambo a Sarnai atambasula manja. Akuvina ngati chiwombankhanga. Sarnai nayenso watambasula manja. Watuluka panja akuvina.

"Apambana, malume! Apambana!"

"Ine sindinaone kanthu," akutero a Jargal. Dishi akadaigwira.

"Ndikusonyezani," akutero Sarnai. Wagwira mwendo wa malume ake. "Anachita chonchi!"

"Iwe, usawagwetse!" ndikukuwa. "Bambo ako akugwetsananso posachedwa!"