Kwaya ya M'munda wa Mpunga

Lufina ankakhala ku Bwanje ndi amayi ake. Ankakonda kuimba. Potunga madzi, ankaimba. Posesa, ankaimba. Ngakhale nzimbe ili m'kamwa, nyimbo sinkatha.

Abambo ake, a Eliya, anali kutali. Ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Lufina ankawasowa kwambiri. Ankafuna kuti abambo ake amve mawu ake.

Lufina anali m'kwaya ya m'mudzi. M'kwayamo munali ana. Munalinso akuluakulu. Mphunzitsi wawo anali a Bizwell. A Bizwell anali aatali ngati mgwalangwa. Kuseka ankakudziwa, koma ankakuumira.

Tsiku lina a Bizwell anabwera ndi uthenga. Anthu a wayilesi akubwera ku Nsipe. Adzajambula nyimbo za makwaya. Chaka chimenecho chinali 1978. Nyumba ya wayilesi inali imodzi yokha m'Malawi muno. Aliyense ankamvera yomweyo.

Mtima wa Lufina unagunda. Ku Kasungu nako wayilesi imamveka!

A Bizwell anakweza chala. "Tiziphunzira masana alionse," anatero. "Wojomba katatu sapita ku Nsipe."

Koma mpunga unali utayamba kucha. Mpunga ukacha, mpheta sizidikira kuitanidwa. Zinabwera m'mawa. Zinabwera masana. Zinabwera ndi abale awo onse.

Amayi a Lufina anali ndi khanda. Woingitsa mbalame anali Lufina basi. Akaweruka kusukulu, ankathamangira kumunda. Ankakwera pansanja. Ankakoka chingwe cha zitini. M'zitinimo munali timiyala.

Wekete, wekete! Mpheta zinkathawa. Kenako zinkabweranso.

Lolemba, Lufina anajomba kukwaya. Lachiwiri, anajombanso. Lachitatu, anakhala pansanja ali ndwii. Akapita kukwaya, mpheta zidya mpunga. Akakhala kumunda, Nsipe sakamuona. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Lufina anapukuta misozi. Anayang'ana uku ndi uku. Pamunda wa kumanja panali Mayi Ida, oimba aluto. Nawonso ankaingitsa mbalame. Patsidya pa ngalande panali a Cyprian, oimba besi. Nawonso ankaingitsa mbalame. Kani pafupifupi kwaya yonse inali kumunda!

Lufina anaimirira pansanja. Anakoka mpweya. Anayambitsa nyimbo ya kukwaya.

"Mvula yagwa, tathokoza!"

Anakoka chingwe. Wekete, wekete!

Mayi Ida anatembenuka. Lufina anawakodola ndi dzanja. Mayi Ida anaseka, n'kulandira nyimboyo.

"Mpunga wacha, tathokoza!"

A Cyprian analowa ndi besi. Besi yawo inali yonenepa. Mpheta zinabalalika, ndipo sizinatere msanga.

Munda uwu unaimba. Munda uwo unayankha. Zitini zonse zinalira pamodzi.

Nthawi imeneyo a Bizwell anali pansi pa mtengo wa mango. Ndi pamene kwaya inkakumana. Anawerenga anthu. Mmodzi, awiri, atatu. Anawerenganso. Anali atatu omwewo.

A Bizwell anakwiya. Anakwera njinga. Anapalasa kupita kuminda, chala chili chokonzeka.

Ali m'njira, anamva nyimbo. Anatsika panjinga. Anatchera khutu. Chala chija chinayamba kugwedera chokha, kutsata nyimbo.

"Wayambitsa ndani zimenezi?" anafunsa.

Lufina anatsika pansanja. Anagwada.

"Ndine, aphunzitsi," anatero. "Kukwaya ndikufuna. Mpunganso ndikufuna. Bwanji muzibwera kuno inuyo?"

A Bizwell anayang'ana mpunga. Anayang'ana mwana.

"Besi ikuchedwa," anatero. "A Cyprian ali patali, sakuona dzanja langa. Ndibwereke nsanjayo."

Anavula nsapato. Anapinda buluku. Anakwera pansanja. Nsanja inati kwee, koma inapirira.

Kuyambira tsiku limenelo, kwaya inkaphunzira kumunda. Lero munda uwu. Mawa munda uwo. Anaphunzira nyimbo yoyamba. Anaphunzira yachiwiri. Yachitatu inavuta. Anaibwereza, naibwereza, mpaka inalowa m'mutu. Mpheta zokha ndi zimene zinadandaula.

Tsiku la ku Nsipe linafika. Amene sanali m'kwaya anatsala kulondera minda. Kwaya inakwera lole. Lufina anatenga chitini chimodzi. Chinali chitini chakale chimene abambo ake ankamweramo tiyi.

Ku Nsipe kunali bambo wa makina ojambulira. Anaona chitini, n'kukwinya nkhope.

"Chisiyeni," anatero a Bizwell. "Chimenechonso n'cha m'kwaya."

Lufina anaima patsogolo. Anayambitsa nyimbo. Anagwedeza chitini. Wekete, wekete! Kwaya inalandira. Besi sinachedwe.

Masabata anapita. Mpunga unakololedwa. Matumba anadzaza.

Loweruka lina masana, kunja kunamveka odi. Lufina anasuzumira. Anali abambo ake! Ananyamula chikwama ndi kawayilesi kakang'ono. Lufina anathamanga n'kuwakupatira. Anasangalala kwambiri.

A Eliya anakhala pamphasa. Ananyamula khanda. Anafotokoza za Lamulungu lina ku esiteti. Antchito onse anazungulira kawayilesi. Kenako inayamba nyimbo ya ku Bwanje.

"Ndinadumpha," anatero a Eliya. "Ndinati, uyo ndi mwana wanga!"

"Munadziwa bwanji, ababa?" anafunsa Lufina. "Tinali anthu ambiri."

"Mawu ako ndingawaiwale ine?" anatero. "Ndinawauza anzanga kuti kwathu mpunga ulipo. Mwana woimba chonchi, mpheta sizingamubere."

Amayi anabweretsa mbale yaikulu ya mpunga watsopano. Fungo linadzaza pakhonde. A Eliya anatapa, n'kutafuna pang'onopang'ono.

"Lufina," anatero, "tayiimbanso. Lero ndili pafupi."

Lufina anatenga chitini chija. Anaimirira pamaso pa abambo ake, n'kuyamba kuimba.