Chimene Lamduan Anaikitsa pa Lilime

Dzuwa litapendeka, Wilai anali kunsi kwa nyumba yawo yomangidwa pamwamba pa mizati, akuviika mpunga wa mawa pamene anamvanso fungo lija. Linali la chiwindi chachiwisi, ndipo linkatsika kuchokera m'mwamba, momwe mng'ono wake Lamduan anali kupuma atachezera kuimba. Pakhomopo anali asanagule nyama sabata yonseyo.

Lamduan ankaimba nyimbo zakumudzi, za mvula yochedwa ndi za amuna opita kutauni osabwerako. Poyamba mawu ake anali opyapyala, moti pa zikondwerero zapakachisi ankamuika kumbuyo ndi ovina. Koma anthu atakolola mpunga, iye anawoloka mtsinje wa Mekong kukaona mayi wina wamankhwala, ndipo anabwerako ali wina. Akangogwira maikolofoni, ngakhale ootcha nkhuku ankaiwala moto wawo. Anthu ankakankhana pansi pa nsanja kuti amuveke maluwa m'khosi. Wilai, amene ankamusokera madiresi onyezimira, ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Imfa inayambira m'khola. Njati yoweta ya pakhomo loyandikana inagwa osadwala, ndipo poitumbula anapeza m'mimba mulibe kanthu. Kenaka woimba ng'oma wa gulu la Lamduan, mwamuna wadzitho, anadandaula m'mimba m'mawa, masana n'kuuma. Anatsatira mayi wina wachikuta. Agalu ankayamba kulira dzuwa lisanalowe, ndipo pamsika anthu ankanong'onezana kuti m'mudzimo mwalowa pop, mzimu wa ufiti umene umatuluka mwa mwini wake n'kukadya zam'kati mwa anthu. Zala zonse zinaloza Mayi Thongbai, nkhalamba yamasiye yogulitsa nsomba zovunditsa, chifukwa ankayankhula okha poyenda.

Tsiku lina masana, Buasai, mkazi wa wokonza njinga zamoto, anagwa pachitsime akudzikanda pamimba. Anamunyamulira pabwalo la kachisi, naitana sing'anga, ndipo Wilai anathamangira komweko ndi anzake. Sing'angayo anamanga Buasai manja ndi ulusi woyera, namuwaza madzi, kenaka anayamba kufunsa chimene chinali mwa iye.

"Ndiwe wa yani? Tchula mwini wako."

Buasai sanatchule dzina. Anatsegula kukamwa, maso ali gwa kumwamba, n'kuyamba kuimba. Anthu anayang'anana, poti nyimboyo inali yachilendo, ndipo wina anati imeneyo ndi nyimbo ya nkhalamba ija. Koma Wilai anaizindikira. Nyimboyo Lamduan anali akuipeka sabata yomweyo, ndipo ankangoing'ung'udza m'chipinda pomuyesa diresi. Ngakhale kunjenjemera kwa mawu kumapeto kwa mzere kunali kwake.

Wilai anabwerera kunyumba. Anapeza Lamduan atagona chagada, kukamwa kuli yasa, khosi likugwedezeka ngati akumeza. Pakati pa lilime panali kadontho kakuda, kolembedwa ndi singano. Wilai anamugwedeza mpaka anadzuka n'kudzipukuta milomo.

"Buasai akuimba nyimbo yako kukachisi," anatero Wilai.

Lamduan sanakane. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti mayi wa kutsidya uja, pomulemba lilime, anamuletsa kudya chakudya cha pamaliro. Koma ulendo woyamba kumuitana kuti aime kutsogolo kwa gulu kunali pamwambo wa maliro, ndipo eni ake atamupatsa mbale anachita manyazi kukana. Chinthu chimene anthu ankachitcha pop chinadzuka mwa iye kuyambira pamenepo.

"Sindichituma, achemwali. Ndikaimba chimamva njala."

"Ndiye siya kuimbako."

"Ndinayesa, woimba ng'oma atamwalira." Lamduan anayang'ana pansi. "Chinayamba kununkhiza inu."

Panja panamveka phokoso la anthu ndi kugunda kwa zitini. Wilai anatulukira pamakwerero, naona khamu likulowera kwa Mayi Thongbai, ena atatola miyala. Mawu anali kukamwa kwake. Akanangofuula dzina limodzi, anthuwo akanatembenuka. Anagwira mtengo wa makwerero mpaka zala kuwawa, koma sanatsike, ndipo khamulo linapitirira.

Madzulo amenewo Mayi Thongbai anawakweza pangolo ndi mitsuko yawo ya nsomba, akulumbira kuti sanaphepo ngakhale nkhuku ya mwini, ndipo anakawasiya kunja kwa mudzi. Buasai anamwalira ngoloyo isanabwerere. Anthu anati nkhalambayo yalumira komaliza.

Maliro atangotha, kunabwera galimoto ya kampani ina yojambula nyimbo, imene inakhala ikumufunafuna Lamduan. Mudzi wonse unasonkhana kudzatsanzikana naye, ndipo amayi okalamba anamumanga ulusi wa madalitso pamkono. Wilai anamunyamulira chikwama mpaka pachitseko cha galimotoyo. Ankafuna kumuuza kuti asapite, ankafunanso kuti apite msanga.

Lamduan anamugwira dzanja. Chikhatho chake chinali chotentha ngati cha munthu wamalungo.

"Musadandaule, achemwali," ananong'ona. "Ku Bangkok anthu ndi ambiri. Sadzazindikira msanga."