Anati Bala ya Chijeremaniyo Ndi Yathu

Tsiku limene anakumana, mtsikanayo anali atawerama akupala thabwa m'shopu ya malume ake, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Sanamve n'komwe kuti pakhomo paima munthu.

"Odi! Ndikufuna kalipentala."

"Mwamupeza," anayankha osadzutsa mutu.

"Ndikunena kalipentala weniweni."

Apo ndiye anaweramuka. Anaona mnyamata wamtali, malaya atapinda m'mikono, akumwetulira ngati wauzidwa kale kuti akhululukidwa.

"Weniweniyo mukamufune kwina. Khomo ndi lomwe mwaloweralo."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira chitseko. Anapepesa, kenaka anafotokoza chimene anadzera. Anali ataphunzira kufulula mowa ku Jeremani, ndipo tsopano ankatsegula bala ya chijeremani kuseri kwa siteshoni, m'nyumba imene kale anthu ankachapiramo zovala. Ankafuna matebulo aatali, olemera, oti anthu osadziwana azikhala pa benchi limodzi.

"Osadziwana akhale pamodzi? Mumzinda uno? Anthu ake ngakhale moni amachita kuumira!"

"N'chifukwa chake. Ife alendo m'dziko la eni tilibe pokhala. Kapena inu simusungulumwa?"

Funsolo linamulasa. Chibwerereni kudzathandiza malume ake, moyo wake unali shopu, basi ndi kachipinda kake. Anangotenga tepi n'kunena kuti, "Tiyeni mukandionetse malowo."

Ntchito inayamba. M'nyumbamo munkanunkhabe sopo, mapaipi ali lendelende kudenga. Mtsikanayo ankayeza makoma, mnyamatayo akumugwirira tepi molakwitsa dala kuti ayezenso. Ankamuuza za matambula aakulu ofuna manja awiri, za masoseji ochita kuphulika pamoto, za mowa wa tirigu umene thovu lake liyenera kuima ngati chipewa.

"Mumalankhula za thovu ngati ndi m'bale wanu. Ndizikutchulani Thovu."

"Ndiye iwe ndiwe Utuchi," anatero akumuchotsa kachipande ka thabwa m'tsitsi. Dzanja lake linachedwa kuchoka.

Kuyambira pamenepo "inu" anatha, panatsala "iwe".

Foni ya Utuchi inasowa mpumulo. M'mawa: "Wadzuka bwanji, mtima wanga? Migolo yafika koma wosowa ndi iwe." Masana: "Ndakhala pa benchi lako. Lalimba ngati mutu wa mwini wake." Madzulo: "Bala iyi ndi yathu, Utuchi wanga. Iwe kukauntala, ine kumigolo, mpaka imvi."

Mpaka imvi! Ankawerenga mawuwo mobwerezabwereza, n'kupezeka wamenya chala m'malo mwa msomali.

Malume ake ankangoyang'ana chamseri.

"Mphwanga, tebulo limenelo walipala mpaka litsala ngati pepala. Vanishi wamupaka kangati?"

"Kasitomala akufuna zabwino, malume."

"Kasitomala ameneyu amalipira ndi mano? Ndimangomuona akuseka." Anatsokomola, nkhope n'kusintha. "Tamvera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwawo ukukudziwa? Abale ake wawamvapo mawu?"

"Nafenso ndife alendo, malume."

"Ee, koma ife tinakhoma msomali pakhoma n'kupachikapo jekete."

Mawu amenewo anamusautsa, chifukwa anali ataona kale chinthu chimene sanafune kuchiganizira. Kuchipinda kwa Thovu zovala zinkakhala m'sutikesi. Kabati inali gwaa, yopanda kanthu. Pakhoma panalibe ngakhale chithunzi chimodzi. Ndipo foni ikalira, iye ankatuluka panja n'kumayankhula chijeremani motsitsa mawu, akuyendayenda m'mbali mwa msewu.

N'chifukwa chiyani munthu woti akhazikika sakumasula katundu? Nanga akubisa chiyani m'chilankhulo chimene iye sachimva? Utuchi ankati akhale pansi, n'kuimirira. Ankati adye, chakudya n'kumukanika. Tsiku lina anatsika basi pamalo olakwika, n'kuyenda wapansi mtunda wonse osadziwa kuti miyendo ikumutengera kuti.

Anapezeka ali pa bala. Thovu anali pamakwerero akumangirira nyale.

"Ndiuze zoona. Uli ndi mkazi kumene unachokera?"

Thovu anatsika mofulumira n'kumugwira masaya onse awiri.

"Mkazi? Tandiyang'ana. Palibe wina, duwa langa. Ndikulumbira pa mayi anga ondibereka. Amene amaimba aja ndi ogulitsa migolo."

"Nanga sutikesi ija?"

"Ndikudikira kabati yopangidwa ndi manja ako."

Utuchi anaseka misozi ili m'maso. Mtima wake unatsika, ndipo mawa lake anauza malume ake kuti bala ikatsegulidwa asiya ntchito m'shopu. Malumewo anapitiriza kupukuta sowo imene inali yoyera kale.

"Manja ngati akowo ukanyamulire matambula? Chabwino. Wakula. Koma mayi ako ukawauze wekha, ine ayi."

Anawauzadi pafoni. Anawauzanso kuti kuli munthu amene adzabwere naye kudzamuonetsa. Mayi ake analulutira mpaka foni kuchita kulira m'khutu.

Tsiku lotsegulira linafika. Utuchi anavala diresi yake yobiriwira n'kulawirira, kuti akaone ngati mabenchi aikidwa bwino. M'kati munali mutasinthiratu. Matebulo ake ankawala pansi pa nyale, matambula atandandalikidwa, fungo la anyezi ndi masoseji likuchokera kukhitchini. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wa jekete lofiira, makiyi ali m'manja, akulangiza operekera zakumwa.

"Pepani, sitinatsegule," anatero mayiyo. Kenaka anamuyang'anitsitsa. "Aa, kapena ndinu kalipentala uja? Ntchito yanu ndi yaudongo, achemwali. Ndidzakufunani, mashelefu akuchepa."

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine manijala. Kampani yandituma kuti ndilandire malo ano mnyamata wathuyu akanyamuka."

"Akanyamuka kupita kuti?"

"Kukatsegula ina, kutsidya kwa nyanja. Ndiyo ntchito yake imeneyo. Amafika mumzinda, amakonza zonse, akatsegula amatisiyira makiyi n'kupita. Ali ndi dzanja labwino, kulikonse kumene wadutsa anthu amamulira." Mayiyo anasiya kumwetulira. "Mwatani? Khalani pansi, mwatuwa."

Utuchi sanakhale. Anakankha chitseko cha chipinda chozizira chosungiramo migolo. Thovu anali atagwada akulumikiza paipi.

"Wabwera, mtima wanga! Taona..."

"Bala iyi ndi ya ndani?"

Sipanala inagwa pansi. Thovu anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa thalauza.

"Ndimati ndikuuze tikatsegula."

"Ndakufunsa kuti ndi ya ndani!"

"Ya kampani."

"Ndiye 'yathu' ija inali ya ndani? 'Mpaka imvi' uja unkauza ndani? Ndinakufunsa maso ndi maso, iwe n'kulumbira pa mayi ako!"

"Unandifunsa za mkazi. Mkazi ndilibe, sindinaname."

Utuchi anaseka kuseka kowawa. Kuzizira kwa m'chipindamo sankakumva n'komwe.

"Sunaname! Ndasiya ntchito kwa malume. Mayi anga auza kale mpingo wonse wa abale. Iwe unkandiona ndikuchita zonsezi, uli duu, tikiti ili m'thumba?"

"Ndinkaopa. Ndikanakuuza ukanasiya kundiyang'ana mmene umandiyang'anira." Anayandikira. "Sindinakondepo munthu chonchi, Utuchi. Tiye tipite limodzi. Kumenekonso akufuna matebulo."

Mtima wake wopusawo unadumpha. Kwa kamphindi anadziona ali m'ndege, mutu uli paphewa lake. Kodi sizingatheke? Kodi chikondi si kutsata munthu kumene akupita?

"Tikatsegula imeneyo, tidzakhala?" anafunsa motsitsa.

Thovu anayang'ana migolo.

"Ndiyankhe. Udzamasula sutikesi?"

"Ine kukhala malo amodzi... ndimabanika. Koma ndi iwe mwina..."

"Mwina." Utuchi anagwedeza mutu. "Kumene unachokera, anakupangira matebulo ndani? Nayenso unam'patsa dzina?"

Thovu anawerama n'kutola sipanala ija. Zimenezo zinapweteka kuposa mbama.

Utuchi anatuluka. Anadutsa pakati pa matebulo ake osawakhudza, anadutsa mayi wa jekete lofiira, anadutsa anthu amene anali atayamba kale kundanda panja. Pasiteshoni anakwera basi yoyamba imene anaipeza, n'kukhala pawindo. Basiyo inachedwa kunyamuka.

Itangonyamuka, foni inalira. Anati asayang'ane, koma anayang'ana.

"Bwerera, mtima wanga. Ndaima pakhomo ndikulira. Sinditsegula bala iyi iwe usanabwere, ndikulonjeza."

Anawerenga uthengawo kawiri. Chala chake chinapita chokha pa batani loimitsira basi. Mwina akunena zoona ulendo uno? Mwina munthu amasintha akaona kuti wataya?

Basi inazungulira siteshoni n'kulowa mumsewu wodutsa pa bala paja. Utuchi anakanikiza nkhope pagalasi.

Zitseko zonse ziwiri za bala zinali bululu. Nyimbo zinkamveka mpaka mumsewu, anthu atadzaza mabenchi phewa ndi phewa. Pakati pawo panali Thovu ataimirira pa mpando, tambula yaikulu ili m'mwamba, akuseka mano onse panja uku anthu akumuombera m'manja. M'dzanja linalo anali atagwirabe foni.

Utuchi anachotsa chala pa batani.

Mayi wachikulire amene anakhala naye pafupi anamugwira pamkono. "Mwanawe, watsala pang'ono kupitirira. Sumatsika pano?"

"Ayi, mayi," anatero Utuchi, misozi ikugwera pa diresi yobiriwira. "Pano palibe amene ndikumudziwa."