Kagalasi ka M'chiuno mwa Tiyamike

Madzulo amenewo Maggie ankasambitsa mwana wake Tiyamike m'beseni kuseri kwa nyumba, ku Chipoka. Mwanayo anali asanayambe n'kukwawa komwe. M'chiuno mwake munali kachingwe, ndipo pakachingwepo pankalendewera kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo. Ukakayang'ana pamwamba kanali kobiriwira ngati msana wa ntchentche ya kuchimbudzi. Ukakapendeketsa kankasanduka chikasu. Dzuwa likakapyoza kankaponya kadontho kofiira pakhungu la mwana.

Timagalasiti ankapanga ndi Lenard, wosema ziboliboli zogulitsa kwa azungu ku Senga Bay. Mzungu wina anamusiyira chibenthu cha galasi lachilendoli, iye n'kumalidula, kulinola pamwala ndi kuliboola. Ndale za matipate zinali zitangolowa kumene, ndiye anthu ankaseka kuti ndi galasi la andale, m'mawa mtundu wina, madzulo wina. Amayi anatikonda zedi. Khanda lililonse la kufupi ndi doko linali nako m'chiuno.

Kenako makanda anayamba kufa.

Sanali malungo, sikunali kutsegula m'mimba. Mwana ankagona wonenepa bwinobwino, n'kudzuka wopepuka ngati mtolo wa nsanza, pofika masana watisiya. Amayi osambitsa maliro ankatuluka atagwira pamphuno. Thupi la lero lomwe, koma fungo lake ngati mlamba wowolera padzuwa! Ntchentche zobiriwira zinkadzaza pazenera mpaka m'nyumba kuda. M'bandakucha asodzi ankamva kutafuna kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, khurrr khurrr, chikhalirecho agalu onse ali phee m'makhonde, michira pakati pa miyendo.

Pamjigo amayi ankangonong'onezana.

"Wa Salma wapitanso."

"Anali nako kagalasi?"

"Anali nako."

"Ndiye mukufunanso umboni wanji?"

Anthu anakatentha kanyumba ka Lenard. Iye anathawa magazi ali chuchuchu pamphumi, n'kudumphira lole yamakala. Ali pamwamba pa matumba anakuwa: "Galasi silidya munthu! Liikeni padiso muone nokha!" Anamuyankha ndi miyala. Amayi anadula timagalasi tonse n'kutaya m'zimbudzi, koma maliro sanaleke.

Maggie yekha ndiye sanadule. Kagalasiko anagula ndi mwamuna wake Davie asanapite kukawedza ku chilumba cha Mbenji, ndiye mtima sunkalola. Amene ankamuchezetsa Maggie pa nthawiyi anali azakhali ake, a Gladys, mayi wodziwika ndi chifundo, woyamba kufika pamaliro aliwonse ndi womaliza kuchoka. Madzulo alionse ankabwera ndi bakuli la nyama, ati mkaka uzituluka wambiri. Nyama yake yofewa, yonona, yotsekemerako pang'ono. Maggie ankanyambita ndi zala zomwe. Mudzi wa usipa, nyama tsiku ndi tsiku, iwe osafunsa kuti yachokera kuti? Dyera ndi loipa, abale.

Ndiye madzulo aja, pomutulutsa Tiyamike m'madzi, Maggie anamva mtima kuti phwii. Mwana anali atapepuka. Ntchentche imodzi yobiriwira inatera pakaphewa kake, ndipo ataiingitsa inabwereranso pomwepo.

"Odi kuno!" A Gladys anatulukira ndi bakuli lawo. Ataona kagalasi, nkhope inasintha. "Ukadali nacho chinthuchi? Dula, utaye."

"Ndidula mawa, azakhali."

"Lero. Ukatero udye, isanazizire."

Maggie anatenga lezala n'kudula kachingwe. Apo m'pamene anaona kuti azakhali atembenukira kumbali, dzanja lili kumaso, ngati munthu woopa kujambulidwa. Mawu a Lenard anamubwerera. Dzuwa linali lisanalowe kuseri kwa mapiri. Anakweza kagalasi n'kukaika padiso.

Zonse zinafiira. Anayamba kuyang'ana mwana. Thupi lonse la Tiyamike linali ndi mizere ya makala, m'mapewa, m'ntchafu, m'nthiti, atamugawa kale ngati mbuzi ya Khirisimasi. Anayang'ana azakhali. Mafuta anali atayenderera kuchokera pakamwa mpaka m'khosi n'kuumira pomwepo, titsitsi tofewa titakanirira m'mano, ntchentche zikulowa mphuno iyi n'kutulukira inayo. Anayang'ana m'bakuli. Mumsuzi munkayandama kadzanja, tizala take titapindika, pamkono pali kaulusi kakuda kamene Salma anamanga mwana wake.

Maggie anagwada n'kusanza. Anasanza mpaka ndulu, akuzikanda lilime ndi zikhadabo.

A Gladys anakhala pampando wandalema, osatekeseka n'komwe.

"Sanza, mwana wanga. Koma yadzulo ndi yadzana inalowa kale m'magazi."

"Azakhali, mwandidyetsa chiyani?"

"Chimene unkanyambita. Wadya ana a anzako, Maggie. Tsopano anzathu akudikira mbale ya kwanu."

Maggie anatola mwana ali chinyowere, kumuponya kumbuyo, kumanga chitenje n'kuliyatsa liwiro la kumsewu. Chitseko anachisiya pululu. Azakhali sanamuthamangitse. Anakokera bakuli pafupi n'kuyamba kudya okha, akuyamwa timafupa.

Pamsewu anapeza matola yopita ku Salima. Anadzipanikiza pakati pa madengu a usipa ndi mayi wina wachikulire wovala duku loyera, amene sankamudziwa. Galimoto itadutsa midzi ingapo, Maggie anapuma. Anati akafika pa boma akwera basi ya ku Lilongwe, ku Chipoka sadzapondakonso.

Tiyamike anayamba kulira. Maggie anamumasula n'kumuika pamiyendo kuti amuyamwitse. Anawerama kumupsompsona paliwombo, monga ankachitira masiku onse. Kamutuko kankanunkhira sopo ndi mkaka, komanso kafungo kena kofewa, konona, kotsekemerako pang'ono.

M'mimba mwa Maggie munalira. Malovu anadzaza m'kamwa.

Anameza, anadzazanso. Anadziluma mlomo mpaka magazi, ndipo magaziwo anamukomera. Ananyamula mwana n'kumuika pamiyendo pa mayi wa duku uja, n'kumufumbatitsa kagalasi.

"Mayi, ndigwirireni mwanayu. Dzina lake ndi Tiyamike, bambo ake ndi a Davie, ali ku Mbenji."

"Nanga inu mukutsika?"

"Ayi. Koma ndikakupemphani, ngakhale ndilire bwanji, musandibwezere."