Magazi a mu Mpini wa Khasu

Lachiwiri m'mawa, ku Pembamoyo, Yoweli anapeza mlamu wake Gideon akukumba chitsime padimba.

"Alamu, dimba ili n'la amayi anga. Inu munabwera pano ndi buluku lokha."

"Ndikulimira ana a mlongo wanu," anayankha Gideon, osadzutsa n'komwe mutu.

Kusadzutsa mutuko ndiko kunamupsetsa mtima Yoweli. Anakweza khasu. Kamodzi kokha, abale inu, kamodzi! Gideon anagwa chafufumimba pakati pa mpiru, osatakatakanso.

Yoweli anatsuka khasulo, nalipukuta ndi udzu. Kunyumba analiika pansi pa denga la nkhokwe ya mtedza, pouma, pamthunzi, pomwe limakhala masiku onse kuopa dzimbiri ndi chiswe.

Pamaliro analira kuposa aliyense, ndipo sinali misozi yachiphamaso ayi. Mlongo wake Ebelesi, wamasiyeyo, anamugwira dzanja. "Achimwene, ine ndi ana awa tatsala ndi inu basi."

Lachisanu kunabwera Sajeni Selina Mbewe wa polisi kuchokera ku boma la Chadiza. Za mkangano wa dimba anali atazimva kale; kumudzi nkhani siigona. Anatsitsa khasu lija, nagulula chitsulo mumpini. M'bowo munali magazi ouma, akuda bii.

"Magazi awa ndi a ndani, bambo?"

"A alamu anga omwewo. Anabwereka khasuli chaka chatha, nadzitema chala chakuphazi popalira chimanga."

Ndipo zinachitikadi zimenezo. Ebelesi anaimirira, chitenje chili m'manja. "Zoona! Bala limenelo ndinamanga ndine. Mwamuna wanga wapita, mukufuna munditengerenso mchimwene wanga?"

Sajeni anakulunga mpiniwo m'pepala, nanyamuka nawo. Yoweli anapulumuka tsiku limenelo, koma manyazi anamugwira. Womuteteza ndi yemwe iye anamusandutsa wamasiye.

Masabata asanu ndi limodzi anadutsa. Yoweli ankawazira mlongo wake nkhuni, kumuthirira mpiru padimba lomwe lija, kumukonzera denga. Ebelesi akati "zikomo achimwene," iye ankayang'ana kumbali. Anaonda, anthu n'kumati ndi chisoni. Kangapo konse anafika pakhomo pa mlongo wake kuti aulule, koma ankangofunsa za ana n'kubwerera.

Mu Ogasiti, Lolemba masana, galimoto ya polisi inaima pabwalo. Ebelesi anali akusenda mtedza pakhonde pa mchimwene wake.

"Zotsatira zabwera kuchokera ku Lusaka," anatero Sajeni Mbewe. "Magazi ndi a malemu Gideon."

"Tinanena kale zimenezo!" anatero Ebelesi.

"Dikirani mayi. Ine si katswiri, koma andifotokozera. M'magazi muli DNA, imene imanena mwini magaziwo, ndipo imakhala zaka. Mulinso china, RNA, chosachedwa kuwonongeka. Magazi akagona chaka, chimatsala zidutswazidutswa. A mumpini uja chinali chisanawonongeke kwenikweni. Akatswiri akuti pomwe ankawayeza anali asanathe ngakhale mwezi." Anatembenukira kwa Yoweli. "Magazi a chala aja, mvula ndi dothi zinawadya kalekale. Awa munawasunga nokha, bambo, pouma bwino."

Ebelesi anaika lichero pansi. "Achimwene, auzeni kuti makina awowo anama."

Yoweli anayang'ana mapazi ake. Akanatha kukana, mlongo wakeyo akanamukhulupirirabe. Koma anali atatopa, kutopa kwenikweni.

"Sananame, mlongo wanga," anatero, natambasula manja kwa Sajeni.

Unyolo unalira. Ebelesi sanakuwe, sanatukwane. Anafunsa motsitsa mawu, ngati wofunsa njira:

"Ndiye tsiku lija ndinkakuikirani umboni, inu munangoima n'kumandimvetsera?"

"Eya."

Ebelesi anatola lichero lake, nakhutulira mtedza wa mchimwene wake pansi, nalunjika kwake osacheuka.