Mtima wa Malemu Evaristo

Ku nyumba zosanja zomwe ankakhala Doña Herminia mu mzinda wa Cali, makiyi anaiwalika kalekale. Pachitseko chilichonse panali kachitsulo. Ukakagwira ndi manja onse awiri, kankamvetsera kugunda kwa mtima wako. Kakakuzindikira, kankakutchula dzina, chitseko n'kutseguka. Mbava zinkangotukwana chamumtima.

Madzulo ena Herminia ankachokera ku Misa yokumbukira mwamuna wake, Evaristo, yemwe anali atatha chaka chimwalirire pa ngozi ya basi. Pageti anakumana ndi Don Arcesio, mkulu wadazi woyang'anira nyumbazo.

"Doña, a ku ofesi andikhalira pakhosi. Mtima wa malemu ukadali m'makina otsegulira zitseko. Mawa ndiufufute?"

"Tidzaona mawalo, aneba."

Mayiyu chisoni chinkamudya. Tsiku la ngoziyo ndi iye anasaina kuti madokotala atenge mtima wa mwamuna wake akapatse wodwala wina. Alamu ake sanamukhululukire. Ngakhale pa Misa paja wina anamulasa nawo mawu: "Achimwene munawaika m'manda ngati chigubu chopanda kanthu. Agona bwanji?" Funso limeneli ndi lomwe linkamusowetsa tulo.

Usiku umenewo mvula inkawaza. Cha m'ma 2 koloko anamva mapazi pamasitepe. Ankakwera pang'onopang'ono. Anafika pakhomo pake n'kuima. Kunja kunati zii.

Kenako makina aja analankhula: "Takulandirani, Don Evaristo."

Herminia thupi lonse linachita tsembwe. Loko anamasuka yekha. Mayiyo anadzikoka mpaka pabalaza.

Pakhomo panaima mtsikana woonda, wopanda nsapato, chovala chogonera chili chonyowa. Kuyambira m'munsi mwa khosi, chipsera chachitali chinkatsika pachifuwa.

"Pepani mayi," anatero mtsikanayo. "Sindikudziwa kuti ndafika bwanji kuno. Miyendo yangonditenga."

"Lowa mwanangu, uzizidwa."

"Ayi, sindikhalitsa."

Mantha anamuthera Herminia. Anamumvera chifundo mwana wa eniakeyo.

"Undilole ndingoumvera pang'ono mtimawo."

Mtsikanayo anagwedeza mutu movomera. Herminia anaika khutu pachifuwa chozizira chija. Du, du, du, kenako kuphonya kamodzi. Du, du, du, kuphonyanso. Kagundidwe kameneka anakatsamira zaka makumi atatu, sakanakasokoneza ndi ka munthu wina. Misozi inangoti mbwembwembwe.

"Umakuvutitsa?" anafunsa monong'ona.

"Usiku uliwonse umathamanga ngati wachedwa kwinakwake. Koma panopa wakhazikika."

Nyale ya pakhonde inazima yokha monga imachitira. Herminia atapapasa khoma n'kuiyatsanso, panalibe munthu. Pansi panatsala timadzi tokha.

Kutacha, manong'onong'o anadzaza masitepe onse. Ena ankati ndi mtsikana yemwe analandira mtima uja. Ena ankatsutsa, amvekere madokotala saulula dzina ngakhale nyumba ya wopereka, ndiye akanalondola bwanji?

Don Arcesio anafika chipewa chili m'manja, nkhope itagwa.

"Doña, makina akuti chitseko chanu anatsegula ndi malemu. Koma kamera ya pageti sinaone munthu aliyense, wolowa kapena wotuluka. Izi si zabwino. Ndifufute pompano."

Herminia, yemwe m'bandakucha umenewo anagona tulo tofa nato koyamba m'chaka chathunthu, anamuyang'ana m'maso.

"Musayerekeze, aneba. Mukufuna akadzabweranso adzaime pamvula?"